Zolemba za ntchito ya RSC: chimaimitsa yisiti n'chiyani chromatin ikasokonekera?

Funso lomwe tikulitsata

RSC, gulu la mapuloteni osuntha timibulu tomwe DNA imakulungidwapo, ikachotsedwa m'maselo a yisiti, maselowo amaima asanagawe ma chromosome awo. Zimenezi n'zodziwika kale, palibe wotsutsa. Chomwe tikufuna kudziwa ndi chimene chimawaimitsa. Ena amati RSC ikasowa, ma promoter, malo omwe kuwerengedwa kwa jini kumayambira, amatsekeka, majini ofunika pogawikana sawerengedwa, ndipo selo limasowa zipangizo zopitira patsogolo. Ena amati vuto lili pa centromere, pomwe timaulusi ta spindle timagwira chromosome, ndipo selo limaima dala chifukwa checkpoint, njira yake yodziyang'anira lisanapite patsogolo, yaona kuti kagwiridwe sikali bwino. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi, ndiye ntchito yathu ndi kupatula gawo la chilichonse.

Kwa amene walowa m'gulu posachedwa, maziko ake ndi awa. Saccharomyces cerevisiae ali ndi ma chromosome 16, ma base pair pafupifupi 12 miliyoni ndi majini pafupifupi 6000, ndipo DNA yake yonse inamalizidwa kuwerengedwa mu 1996. DNA imeneyi sikhala yotambasuka. Imakulungidwa ngati ulusi pa timibulu, kambulu kalikonse kali ndi mapuloteni 8 otchedwa ma histone, awiriawiri a H2A, H2B, H3 ndi H4, ndipo ma base pair 147 amakazungulira kotsala pang'ono kukwana kawiri. Imeneyi ndiyo nucleosome, yomwe Roger Kornberg anaifotokoza mu 1974, ndipo maonekedwe ake enieni anatuluka mu 1997 kudzera m'ntchito ya Karolin Luger ndi Timothy Richmond. DNA yomwe yakulungidwa motere, yomwe timati chromatin, mapuloteni ambiri sangaigwire. Selo likafuna malo ena atseguke limatumiza makina omwe amawotcha ATP n'kukankha nucleosome, kuisuntha kapena kuichotseratu.

Makina oyamba kudziwika ndi SWI/SNF. Majini ake anapezeka mu 1984 kuchokera mbali ziwiri: gulu la Ira Herskowitz linkafufuza yisiti wolephera kusintha mtundu wake wokwerana, pomwe gulu la Marian Carlson linkafufuza yisiti wolephera kudya sucrose. Pambuyo pake kunapezeka kuti SWI2 ndi SNF2 ndi jini imodzimodzi. RSC inabwera mu 1996, Bradley Cairns ataipatula m'labu ya Kornberg. Injini yake ndi puloteni ya Sth1, yochokera ku jini ya STH1. Imachuluka m'selo pafupifupi kakhumi kuposa SWI/SNF, ndipo kusiyana kwakukulu n'kwakuti yisiti wopanda SNF2 amadwala koma amakhala moyo, pomwe wopanda STH1 sakhala n'komwe. N'chifukwa chake ntchitoyi ndi yovuta: sitingangofufuta jini n'kuona chotsatira.

Kusankha mtundu wa yisiti ndi njira yochotsera Sth1

Tinakambirana njira zitatu, ndipo ndilemba zifukwa zake kuti tisadzabwerezenso mkangano womwewu miyezi ikubwerayi.

Njira yakale ndi ya ma allele, mitundu yosinthika ya jini, osapirira kutentha. Yisiti amakula bwino pa madigiri 25, ukamukweza pa 37 puloteni imafa. Lee Hartwell anapezera majini a CDC, olamulira kugawikana kwa selo, mwa njira imeneyi kuyambira cha m'ma 1970, ntchito yomwe inam'patsa mphoto ya Nobel mu 2001 pamodzi ndi Paul Nurse ndi Tim Hunt, choncho palibe angainyoze. Koma kwa ife ili ndi chilema chachikulu. Kutentha pakokha kumasintha chromatin: majini a heat shock amatseguka, majini a mapuloteni a ribosome amatsika, ndipo maselo amachedwa pang'ono mu G1, gawo lomwe selo limakhala lisanayambe kukopera DNA. Ife tikufuna kuyeza chromatin ndi kayendedwe ka selo, ndiye sitingagwiritse chida chomwe chikugwedeza zonse ziwirizo.

Njira ya anchor-away, yomwe gulu la Ulrich Laemmli linaifalitsa mu 2008, imakoka puloteni kuitulutsa m'nyukiliyasi ukathira rapamycin. Ndi yabwino, koma imafuna yisiti wokhala ndi tor1-1 ndiponso wopanda FPR1, apo ayi rapamycin amamuimitsa mu G1. Kuwonjezera zosintha ziwirizi pa mtundu uliwonse womwe tidzapange n'kudzichulukitsira ntchito.

Tasankha njira ya auxin, homoni ya zomera, ya gulu la Masato Kanemaki, ya mu 2009. Pa Sth1 tamatapo kachidutswa ka degron, chizindikiro choti puloteni iphwanyidwe, ndipo m'selo taikamo TIR1 yochokera ku mpunga. Ukathira auxin, TIR1 imagwira degron, puloteni n'kupita kukaphwanyidwa. Western blot, njira yoonera kuchuluka kwa puloteni, ikuonetsa kuti Sth1 yambiri imatha ola lisanakwane. Pa mbale zopanda auxin mtundu watsopanowu ukukula mofanana ndi kholo lake, ndipo pa mbale za auxin sukumera. Mfundo yoyambayo ndinaiyang'ana kwambiri, chifukwa degron nthawi zina imafooketsa puloteni ngakhale auxin palibe, ndiye umakhala ukuyerekeza wodwala ndi wodwala mnzake.

Maziko ndi yisiti wa m'labu wotchedwa W303, wa mtundu wokwerana wa MATa, wopanda BAR1. Takonza RAD5 kuti ikhale yabwinobwino, popeza W303 wamba ali ndi rad5-535 yomwe imam'fooketsa DNA ikawonongeka, ndipo sitikufuna checkpoint ya kuwonongeka kwa DNA ilowerere pa zomwe tikuyeza. Komanso tizithira adenine wowonjezera mu YPD, chakudya chokulitsira yisiti, nthawi zonse. ade2-1 imachititsa maselo kufiira akakalamba, ndipo utoto umenewo umawala pa maikulosikopu n'kusokoneza GFP, puloteni yowala yomwe timagwiritsa ngati chizindikiro.

Kuyendetsa maselo limodzi

M'botolo la yisiti yemwe akungodzikulira, selo lililonse lili pa gawo lakelake. Pa madigiri 30 mu YPD chiwerengero chimawirikiza pafupifupi mphindi 90 zilizonse, koma ena ali mu G1, ena akukopera DNA, ena akugawikana. Kuti tione chomwe chikuchitika pa gawo limodzi tiyenera kuwaimitsa onse pamalo amodzi kenako n'kuwamasula.

Alpha factor ndi kapuloteni ka ma amino acid 13 komwe maselo a MATalpha amatulutsa. Maselo a MATa akakamva amaima mu G1 asanadutse START, pomwe selo limatsimikiza zogawikana, n'kumera kamlomo komwe m'labu timati shmoo. BAR1 tinaichotsa chifukwa Bar1 ndi enzyme yomwe imadula alpha factor. Ikasowa, alpha factor wochepa kwambiri amakwanira, koma kumasula kumavutirapo, ndiye timatsuka maselo bwinobwino n'kuthiramo pronase.

Tikamasula timatenga zitsanzo mphindi 10 zilizonse. Gawo lina timaliika mu ethanol wa 70 peresenti, kenako RNase, kenako SYTOX Green, kupita ku flow cytometry kukaona kuchuluka kwa DNA. Gawo lina timawerenga pa maikulosikopu kuti ndi maselo angati amera mphukira. Ulendo woyamba wa kugawikana ukuoneka bwino: msonga wa 1C, DNA isanakoperedwe, umasamukira ku 2C, DNA itawirikiza, pamodzi, kenako n'kubwerera. Ulendo wachiwiri umayamba kumwazikana, ndipo izi si vuto la manja a munthu. Yisiti ameneyu sagawikana mofanana. Mayi amakhala wamkulu, mwana wamng'ono, ndipo mwanayo amakhalitsa mu G1 mpaka atakula mokwanira. Whi5, yomwe magulu awiri anaifotokoza mu 2004, imakhala pa SBF, mapuloteni otsegula majini a kumapeto kwa G1, n'kuitsekereza, ndipo mpaka Cln3 ndi Cdc28 ziyambe kuigonjetsa, CLN1 ndi CLN2 sizitseguka. Zikangotseguka, Cln1 ndi Cln2 zimathandiza kuthamangitsa Whi5 yotsala n'kuitulutsa m'nyukiliyasi, ndipo selo silibwereranso. Mwana wamng'ono amachedwa kufika pamenepo. Ndiye chigamulo n'chakuti zonse zofunika tiziyeza pa ulendo woyamba basi.

Chinthu china choti tisaiwale: selo loimitsidwa ndi alpha factor si selo wamba la mu G1. Ste12 yatsegula majini okwerana monga FUS1, ndipo selolo lapitiriza kukula pomwe laima, choncho likamasulidwa limadutsa START mothamanga kuposa masiku onse.

HO, kuti tidziwe ngati manja athu akuona zoona

Tisanakhulupirire ChIP yathu, njira yoonera malo omwe puloteni yakhala pa DNA, pa RSC, akulu a labu anati tiyambe tabwereza chinthu chodziwika bwino. Ndinaona ngati kutaya nthawi poyamba, koma HO yatiphunzitsa zambiri zokhudza ntchito yonseyi, ndiye ndilemba motalikirapo.

HO ndi jini ya enzyme yomwe imadula DNA pa MAT kuti yisiti asinthe mtundu wake wokwerana. Imawerengedwa kanthawi kochepa kumapeto kwa G1, ndipo m'selo la mayi lokha. Promoter yake ndi yaitali modabwitsa poyerekeza ndi majini ena a yisiti, ili ndi zigawo ziwiri, URS1 kutali ndi URS2 pafupi ndi jini, ndipo yadzaza ndi ma nucleosome. Mu 1999 Maria Pia Cosma, Tomoyuki Tanaka ndi Kim Nasmyth anaonetsa ndondomeko ya momwe imatsegukira. Swi5 imakhala kunja kwa nyukiliyasi malinga ngati Cdc28 yaimata ma phosphate. Kumapeto kwa anaphase, gawo lomwe ma chromosome amalekana, Cdc14 imachotsa ma phosphate aja, Swi5 n'kulowa, kukhala pa URS1 n'kuitana SWI/SNF. Kenako pamabwera SAGA, yomwe Gcn5 yake imaika acetyl pa ma histone. Zikatero m'pamene SBF, yopangidwa ndi Swi4 ndi Swi6, imapeza mpata pa URS2. Chochititsa chidwi n'chakuti Swi5 imakhalapo mphindi zochepa chabe n'kuphwanyidwa, ndipo jini imadzawerengedwa pambuyo pake, Swi5 itapita kale. Chromatin ndiyo imasunga chizindikiro choti panadutsa Swi5. Gulu la David Stillman linadzaonetsa kuti ma nucleosome amachoka motsatizana, kuyambira pa URS1 kulowera ku URS2, mothandizidwa ndi FACT ndi Asf1.

Nanga mwana amalekeranji? mRNA ya ASH1 imanyamulidwa ndi Myo4, She2 ndi She3 kupita kunsonga ya mphukira, ndiye puloteni ya Ash1 imadzaza m'nyukiliyasi ya mwana, n'kuitana Rpd3 yomwe imachotsa acetyl. Swi5 imalowa mwa onse awiri, koma mwa mwana ntchito yake siipita patali.

Pa kuyesa kumeneku alpha factor sathandiza, chifukwa zonse zimayambira mu anaphase. Tinagwiritsa mtundu womwe CDC20 yake ili pansi pa promoter ya GAL, kuimitsa maselo mu metaphase, anaphase isanayambe, pochotsa galactose, n'kumasula pomubwezera. Ndondomeko yatuluka monga momwe inalembedwera: Swi5 ikukwera n'kutsika msanga, Snf2 ikutsatira, SBF pambuyo, mRNA ya HO kumapeto. Tinachita kufupikitsa mpata pakati pa zitsanzo kufika pa mphindi 5, chifukwa pa mphindi 10 Swi5 imatha kubwera n'kupita usanaione.

Phunziro lomwe ndatengapo pa ntchito yathu ndi la kuchepa kwa chizindikiro. Theka la ma nyukiliyasi m'chubu ndi la ana, omwe HO yawo ndi yotseka. ChIP imaphatikiza onse, ndiye chomwe timachiona si promoter ya mayi kapena ya mwana, koma chithunzi cha pakatikati chomwe palibe selo lili nacho. Tikachotsa ASH1 chizindikiro chimakwera. Nkhani ya kusakaniza maselo osiyana m'chubu chimodzi yabweranso pa MNase, enzyme yodula DNA pakati pa ma nucleosome yomwe timaonera malo awo, ndipo kumeneko ndi yoopsa kwambiri.

MNase-seq yoyamba, pa maselo osayendetsedwa limodzi

Uku kunali kuyesa njira chabe. Formaldehyde wa 1 peresenti, glycine kuti aimitse, zymolyase kuti adye khoma la selo, kenako MNase pa milingo ingapo. Pa gel makwerero akuoneka bwino, chidutswa cha nucleosome imodzi chili cha ma base pair pafupifupi 150, ndipo masitepe akutalikirana pafupifupi ma base pair 165, monga zimayembekezeka pa yisiti ameneyu.

Zotsatira pa ma promoter ambiri zikugwirizana ndi zomwe ena anapeza kale. M'yisiti wabwinobwino kutsogolo kwa jini kumakhala mpata wopanda nucleosome, nthawi zambiri wokhala ndi mizere ya poly(dA:dT) kapena malo a Reb1, Abf1 ndi Rap1, ndipo mbali zonse ziwiri kuli ma nucleosome a +1 ndi -1 okhazikika. Sth1 ikatha, mpata uja ukuchepa, +1 ikusunthira kumtunda kukaphimba poyambira kuwerenga, ndipo ma nucleosome otsatira akusuntha nayo. Izi zatiuza kuti degron ikugwiradi ntchito pa chromatin, osati pa western blot pokha.

Titayang'ana majini a kugawikana, chisangalalo chinakula m'gulu. CLN2 inaoneka yotsekeka, promoter ya HTA1 ndi HTB1 yosinthika kwambiri, SIC1 chimodzimodzi. Mnzathu wina anafuna tiyambe kulemba kuti RSC imalamulira mwapadera majini a G1 ndi S, gawo lokopera DNA. Koma flow cytometry ya zitsanzo zomwezo ikunena zina. Maselo opanda auxin ali osakanikirana, 1C ndi 2C, pomwe a auxin, atakhala nayo maola angapo, aunjikana pa 2C. Paul Spellman ndi anzake anaonetsa mu 1998 kuti majini pafupifupi 800 a yisiti amakwera n'kutsika motsata gawo la kugawikana. Selo lomwe laima mu G2/M, litakopera DNA koma lisanagawikane, silimawerenga CLN2 kapena majini a histone, kaya RSC ilipo kaya palibe. Ndiye kutsekeka komwe tikuona kungakhale chotsatira cha kuima, osati chochititsa. Mapu awiriwa akusiyana pa zinthu ziwiri nthawi imodzi, Sth1 ndi gawo la selo, ndipo palibe masamu a pa kompyuta omwe angazilekanitse pambuyo pake.

Zolemba zakale zambiri za ma allele osapirira kutentha zili ndi vuto lomweli, ndipo ndikaziwerenga tsopano ndimayamba ndayang'ana ngati olembawo anaonetsa kuchuluka kwa DNA pa zitsanzo zawo.

Kuimitsa kaye, kuchotsa pambuyo

Tasintha ndondomeko. Tsopano timaimitsa maselo onse poyamba, n'kugawa botolo pawiri, theka auxin theka ayi, ndipo onse amakhalabe oimitsidwa mpaka titatenga zitsanzo. Tachita izi mu G1 ndi alpha factor, ndiponso mu G2/M ndi nocodazole, yemwe amaphwasula ma microtubule, timaulusi ta spindle.

Pabuka zovuta za njira. Maselo a shmoo ndi a nocodazole sagonja kwa zymolyase mofanana, ndipo khoma likadyeka mosiyana MNase imalowa mosiyana. Izi si zazing'ono, chifukwa ma nucleosome ena a pa promoter ndi osalimba: MNase ikachepa amaoneka, ikachuluka amasowa. Ukayerekeza chitsanzo chodyedwa kwambiri ndi chodyedwa pang'ono umapeza "kusintha" komwe kulibe. Choncho tikusankha zitsanzo zoyerekeza poona gel, kuti kuchuluka kwa chidutswa cha nucleosome imodzi poyerekeza ndi cha ziwiri kufanane, osati potengera mlingo wa enzyme womwe tinathira. Tikuthiramonso maselo ochepa a Schizosaccharomyces pombe m'chitsanzo chilichonse ngati muyeso, popeza kusintha kukakhudza majini onse nthawi imodzi, kuwerengera kwa masiku onse kumakubisa.

Zomwe zatuluka: kuchepa kwa mpata ndi kusuntha kwa +1 kulipo mu G1, kuliponso mu G2/M. RSC ikugwira ntchito yake ya pa ma promoter pa magawo onse awiri. Koma kusiyana kwakukulu kuja kwa pa CLN2 ndi SIC1 kwatsika kwambiri, tsopano sikuposa kwa majini ena wamba. Pa HTA1 ndi HTB1 patsala kanthu, ndipo sizikudabwitsa, chifukwa mu 2002 magulu a Kevin Struhl ndi Richard Young anapeza RSC pa ma promoter a histone, itaitanidwa ndi mapuloteni a Hir omwe amatseka majiniwa kunja kwa S. Chimenechi tachiika pambali, n'chokoma koma si funso lathu.

Sindikunena kuti makina osuntha nucleosome alibe gawo lapadera pa majini a kugawikana. Jocelyn Krebs ndi Craig Peterson anaonetsa mu 2000 kuti majini ena owerengedwa kumapeto kwa mitosis amadalira SWI/SNF ndi Gcn5, ndipo HO taiona tokha. Chomwe ndikunena n'chakuti pa RSC, m'manja mwathu, umboni woti imasankha majini amenewa wasungunuka titafananitsa magawo.

Kodi maselo amaima pati, ndipo ndani wawaimitsa

Kuyesa kotsatira: kuimitsa mu G1, kuchotsa Sth1 pomwepo, kenako kumasula auxin ikadalipo. Zikanakhala kuti majini a G1 ndi S ndi otsekeka kotheratu, maselo sakanadutsa START. Akudutsa, ngakhale mochedwa ndiponso mosagwirizana bwino. Mphukira zikumera, DNA ikufika pa 2C, kenako ambiri akuima ali ndi mphukira yaikulu, nyukiliyasi imodzi pakhosi pa mayi ndi mwana, spindle yaifupi. Awa ndi maonekedwe omwewo omwe anafotokozedwa kale pa ma allele a STH1, yomwe gulu la Eiko Tsuchiya ku Hiroshima linkaitcha NPS1, komanso pa SFH1, jini ina ya RSC.

Kuti anaphase iyambe, APC/C ndi Cdc20 ziyenera kuphwanya Pds1. Pds1 ikachoka, Esp1 imamasuka n'kudula Scc1, mphete ya cohesin imatseguka, ma chromatid awiri, makope awiri a chromosome, n'kulekana. Spindle checkpoint, ya Mad1, Mad2, Mad3 ndi ma Bub, imagwira Cdc20 ngati pali kinetochore, mapuloteni a pa centromere omwe spindle imagwira, ngakhale imodzi yosagwiridwa bwino. Checkpoint ya kuwonongeka kwa DNA nayonso imatha kusunga Pds1, kudzera mwa Rad9 ndi Chk1. M'maselo athu oima Pds1 ikadalipo yambiri. Rad53 siikuonetsa kusuntha kwa phosphate pa gel, ndipo kuchotsa RAD9 sikunasinthe zambiri. Kuchotsa MAD2 kwasintha: Pds1 ikutsika, ndipo maselo ambiri akulowa mu anaphase. Sakuchira ayi. Utoto wa DAPI ukuonetsa DNA yogawidwa mosafanana, ndipo tikawatsuka n'kuwabzala pa mbale zopanda auxin, omera ndi ochepa kuposa anzawo okhala ndi MAD2. Kuima kuja kunkawateteza.

Izi zikukankhira mlandu ku centromere, ndipo zikugwirizana ndi zomwe Tsuchiya ndi anzake anafalitsa mu 1998, kuti kuima kwa nps1 kumadalira MAD1 ndiponso kuti chromatin ya pa centromere imasintha. Centromere ya yisiti ameneyu ndi yaing'ono kwambiri, ma base pair pafupifupi 125, okhala ndi zigawo za CDEI, CDEII ndi CDEIII, nucleosome imodzi yokhala ndi Cse4 m'malo mwa H3, ndi microtubule imodzi yokha. Palibe wina wothandizira ikalephera. Kusuntha pang'ono kwa ma nucleosome oyandikana nayo, komwe pa jini wamba kukanangochepetsa mRNA, pano kungathe kutayitsa chromosome yonse.

Koma nkhaniyo siinathere pamenepo, ndipo apa m'pomwe tikusiyana maganizo m'gulu. Ngakhale MAD2 palibe, pali maselo ena omwe sakupita patsogolo, ndipo onse akuyenda mwaulesi. Timothy Parnell, Jason Huff ndi Cairns anaonetsa mu 2008 kuti Sth1 ikatha, kuwerenga kwa ma polymerase onse atatu kumatsika. Selo lomwe tRNA, rRNA ndi mRNA zake zikuchepa limafooka paliponse, ndipo mapuloteni osakhalitsa monga Clb2, Cdc20 ndi Cdc5, omwe amapangidwa mwatsopano ulendo uliwonse, ndi omwe angayambe kuperewera. Palinso kuthekera kwakuti vuto la pa kinetochore nalonso ndi la kuperewera kwa puloteni ina ya kinetochore, osati la nucleosome ya pa centromere. MAD2 ikutiuza amene waimitsa selo, siikutiuza chomwe chawononga kagwiridwe. Maganizo anga ndi akuti kuima kwenikweni ndi kwa checkpoint, ndipo kutsika kwa mRNA kukuwonjezera ulesi pamwamba pake, koma pakadali pano sindingatsutse amene akuti zonse zikuchokera ku mRNA.

Cohesin, ndi zomwe zili pa benchi panopa

Pali njira yachitatu yomwe ikulumikiza ziwiri zija. Cohesin imakwezedwa pa chromosome ndi Scc2 ndi Scc4 kuyambira kumapeto kwa G1, yambiri mozungulira centromere, ndipo imamangidwa kukhala yogwira ma chromatid awiri mu S, Eco1 ikaika acetyl pa Smc3. Gulu la Frank Uhlmann ku London linaonetsa mu 2014 kuti RSC imathandiza kubweretsa Scc2 ndi Scc4 pa chromatin. Ngati cohesion ndi yofooka, kinetochore siimva kukoka koyenera, Ipl1 imamasula ma microtubule, ndipo checkpoint imayaka. Maonekedwe ake pa maikulosikopu angafanane ndendende ndi omwe tikuwaona.

Ubwino wake n'kuti lingaliro limeneli likulosera za nthawi. Ngati vuto ndi kukweza cohesin, Sth1 ikufunika kwambiri S isanathe, ndipo kuichotsa pambuyo pake sikuyenera kuimitsa anaphase ya ulendo womwewo. Ngati vuto ndi kuperewera kwa mapuloteni a mitosis, kuichotsa mu G2 kuyenera kupwetekabe. Ndiye tikukonza kuchotsa Sth1 pa nthawi zitatu: mu G1, mu S poimitsa ndi hydroxyurea, ndi mu metaphase. Pa metaphase sitigwiritsa nocodazole, chifukwa iyeyo amayatsa checkpoint yomwe tikufuna kuyeza ndipo spindle imayenera kumangidwanso pomasula. Tigwiritsa kutseka kwa CDC20, koma pansi pa promoter ya MET3 osati ya GAL, kuti tisasinthe shuga pakati pa kuyesa. Hydroxyurea nayenso ali ndi chilema chake, amayatsa Rad53 ndipo amaimitsa maselo ma origin oyambirira, malo oyambira kukopera DNA, atayamba kale, ndiye zotsatira zake tiziwerenga mosamala.

Nthawi yokhala mu auxin iyenera kufanana pa zitatu zonsezi. Selo lomwe lakhala maola atatu lopanda RSC silingayerekezedwe ndi lomwe lakhala ola limodzi, chifukwa mRNA yake yatsika kwambiri.

Pa zitsanzo zomwezo tidzayeza Clb2, Cdc20 ndi Cdc5 pa western blot, ndi Scc1 pa ChIP mozungulira ma centromere angapo ndi pa mikono ya chromosome. Cohesion tidzaiona ndi maso pogwiritsa mizere ya tetO ndi TetR yomatidwa GFP: kadontho kamodzi ngati ma chromatid agwirana, tiwiri ngati alekana nthawi isanakwane. Mizereyo tikuika pa mkono, pa URA3, chifukwa pafupi kwambiri ndi centromere ma chromatid amalekana pang'ono mu metaphase ngakhale m'selo labwinobwino, spindle ikamakoka.

Mu lipoti la kwa opereka ndalama ndaikamo ndime ya khansa, popeza majini a SWI/SNF ya munthu amapezeka osinthika mu khansa pafupifupi 20 pa 100 zilizonse, ndipo kutayika kwa SMARCB1, m'bale wa SNF5 ndi SFH1, ndiye maziko a zotupa za rhabdoid mwa ana. Ndailemba mwachidule. Centromere ya munthu ndi yaikulu kwambiri kuposa ya yisiti ndipo imagwiridwa ndi ma microtubule ambiri, ndiye sindikufuna kulonjeza kuti zomwe tipeze zidzasamukira komweko mwachindunji.

Nkhani ya Rsc1 ndi Rsc2 tayiimika kaye. RSC ili m'mitundu iwiri, wina wokhala ndi Rsc1 wina Rsc2, ndipo zolembedwa zakale zimaloza Rsc2 pa za cohesion, koma kutsegula nthambi imeneyo tisanamalize za nthawi n'kumwaza mphamvu.

Mtundu wa tetO wakwatitsidwa kale ndi wa degron, ma diploid ali pa mbale za sporulation. Ma tetrad, timatumba ta ma spore anayi, akapsa tiwang'amba n'kusankha ana a MATa okhala ndi degron, TIR1, tetO, TetR ndi bar1 wofufutidwa pamodzi. Zizindikiro zisanu ndi mtundu wokwerana m'selo limodzi sizipezeka kawirikawiri, ndiye ma tetrad adzafunika ambiri ndithu. Mtundu wa MET3 ndi CDC20 ukudikira kutsimikizidwa ndi PCR, ndipo ukatsimikizika uyenera kuyesedwa kaye wokha, popanda auxin, kuti tione ngati ukuima n'kumasuka bwino methionine ikathiridwa ndi kuchotsedwa.